Mwana Wanga Anaperekedwa ku Maligi Awiri

Moni nonse abale ndi alongo amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, a ku Jumbe kuno, a kwathu ku Mnkhanya, ndi inu amene muli kutali. Muli bwanji? Ine ndine Aginesi, koma ambiri mumandidziwa kuti amake Tamara, uja wogulitsa tomato ndi zitumbuwa pamsewu wopita ku Mfuwe, pamene pamaima maminibasi. Lero sindikutsatsa malonda. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene mwana wanga analetsedwa kusewera mpira, banja langa n'kung'ambika pakati, ndi mmene Mulungu anatipulumutsira kudzera mwa munthu amene ine ndinkamuyesa khoma lotitsekera njira.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, mukuti mpira nawo n'kukhala mayesero? Sekani, inenso ndinali choncho. Mpira ndinkauona ngati njira yothera sopo ndi yong'ambira masiketi. Koma Mulungu akamapatsa mwana mphatso safunsa kaye amake ngati aikonda. Tamara anapatsidwa miyendo, ndipo ngakhale ine wosadziwa malamulo a masewerawa ndinkaona kuti mpira ukafika kwa iye umamumvera. Kwa mtsikana wa kuno kuchigwa mphatso yotere si yosewera nayo. Imatsegula njira ya kusukulu zabwino ndi kumalo amene ife amayi awo timangowamva pa wailesi.

Tamara anakulira ku Mnkhanya kwa alongo anga a Lameki, chifukwa ali wamng'ono ine ndi bambo ake tinali tisanakhazikike. A Lameki amagwira ntchito ku loji ina, yoperekeza alendo odzaona nyama, ndipo m'mudzi ndi munthu waulemu wake. Kumeneko n'kumene a Sakala anamuona mwanayu. A Sakala ndi mlimi wa thonje, bambo wamfupi wa mawu osasa chifukwa chokuwa pabwalo, ndipo ndi kochi wa timu ya atsikana. Chilimwe mtsinje wa Lupande ukauma, ankatenga anawo n'kukawaphunzitsa pamchenga, opanda nsapato, pa kamalo kakang'ono kozikidwa timitengo, kuti aphunzire kupatsirana mpira mofulumira. Mwana akamangomenya ndi mwendo umodzi ankamufunsa kuti, kodi wamanzerewu sunabadwe tsiku limodzi ndi mnzakewo?

Chimene ndimawalemekezera kwambiri ndi ichi. Makolo ambiri ankakana kuti atsikana azipita ku mpira ntchito zapakhomo zisanathe. A Sakala sanakangane ndi aliyense. Ankangofika ndi njinga yawo, n'kumangirira zigubu, n'kuyamba kutungira madzi makomo a ana awo onse kuti anawo amasuke msanga. Bambo wamkulu, kumapikisana ndi amayi pamjigo! Anthu ankawaseka, iwo osasamala. Tamara anakula m'manja amenewo.

Atakhoza mayeso anabwera kuno ku Jumbe kudzayamba sekondale, ndipo anakumana ndi a Mubita. Amenewa ndi mphunzitsi amene boma linamutumiza kuno kuchokera kumadzulo kwa dziko lathu, wamtali, wofatsa, wolankhula Chinyanja chopindikapindika. Nawonso ali ndi timu ya atsikana, ndipo nawonso ndi munthu wogometsa. Salola mwana kuthamanga dzuwa lili paliwombo, amafunsa ngati wadya, ndipo wolephera m'kalasi amakhala panja ngakhale akhale katswiri. Tamara ankabwera kunyumba n'kumandiuza kuti aphunzitsi akumuphunzitsa kusewera pamene alibe mpira, kudziwa poima ndi kuyang'ana anzake mpira usanamufike. Ine ndinkangoti eya, osamvapo kanthu.

Vuto linali lakuti makochi awiriwa ali m'maligi awiri osamwerana madzi. Timu ya a Sakala ili mu ligi ya kuchigwa, imene imathandizidwa ndi alendo obwera kumaloji. Ana amalandira nsapato, mayunifomu ndi makope, ndipo amasewera pafupi ndi kwawo. Timu ya a Mubita ili mu ligi ya kumtunda, imene masewera ake amachitikira ku Chipata, kumene kumabwera anthu osankha ana opita kumatimu akuluakulu. Onse amafuna ana aluso okhaokha. Akumtunda amati akuchigwa amaseweretsa ana kuti alendo azijambula. Akuchigwa amati akumtunda amakolola pamene sanalime. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene amagwirizana: mwana wosewera uku asapondenso uko.

Tsono tamverani mmene tinakodwera. Amuna anga a Jere ndi Mngoni wa cha ku Chipata, amayendetsa minibasi pamsewu womwewu. A Mubita atafuna kuti Tamara alowe m'timu yawo anachita zimene munthu aliyense wa kwawo angachite, anapita kwa bambo a mwana. Anawapeza pasiteshoni, anakambirana, a Jere n'kuvomera anzawo onse akuona, chifuwa chili patsogolo. Mwezi womwewo, ligi ya kuchigwa ikuyamba chaka chatsopano, a Sakala anachita zimene munthu aliyense wa kwathu angachite, anapita kwa amalume a mwana. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo nkhani yaikulu ya mwana imathera kwa mlongo wa amake. A Lameki anavomera pamaso pa akuluakulu a m'mudzi. Palibe amene ananama, palibe amene anaba. Aliyense analowera pakhomo limene ankalidziwa.

Amene ankadziwa zonse anali Tamara yekha. Lamulo ankalidziwa, koma mwana wa zaka zake, woleredwa mmene tinamulerera ife, akanayamba bwanji kuuza bambo ake kuti ayi? Nanga amalume ake amene anamulera? Anangomvera onse. Loweruka ankatsikira ku Mnkhanya kukasewera kwa a Sakala, Lamulungu n'kukwera minibasi ya bambo ake kupita ku Chipata ndi a Mubita. Bambo ake ankayesa kuti ku Mnkhanya amangokacheza n'kumenyako mpira wa pamchenga. Amalume ake ankayesa kuti za Lamulunguzo ndi masewera a pasukulu. Ine dandaulo langa linali lakuti akujomba kutchalitchi, komanso kuti Lolemba lililonse ankadzuka akutsimphina bondo.

Zinaululika chifukwa cha chigoli. Tsiku lina ku Chipata anagoletsa chigoli chokongola, wina n'kujambula pafoni. Kanemayo anayenda foni ndi foni mpaka anatsikira kuchigwa, ndipo anthu a ku Mnkhanya anamuzindikira mwana wawo atavala yunifomu ya adani. Sabata isanathe makomiti a maligi onse awiri anakhala pansi, iliyonse payokha, ndipo chigamulo chinafanana ngati anapangana. Tamara asasewerenso kulikonse mpaka mbali imodzi inene poyera kuti yamumasula. Koma kuti mbali imumasule, amene anamupereka kumeneko ankayenera kubweza mawu ake.

Chinandiimitsa mutu ndi nthawi. Chimenecho chinali chaka chake chomaliza m'gulu la ana a msinkhu wake, ndipo osankha aja ankabwera ku Chipata mvula isanagwe. Akanaphonya ulendo umenewo, chaka chotsatira akanakhala atapitirira zaka, ndipo palibe amene akanamuonanso.

Ndinaganiza kuti nkhaniyi ndi yapafupi, amuna awiri okonda mwana mmodzi angalephere bwanji kumvana? Ndinali ndisanawadziwe amuna. A Lameki anabwera kunyumba kwathu, ndinawaphikira bwinobwino, koma chakudya chinazizira pamphasa.

"Mwana ndi wanga, dzina lake ndi Jere," anatero amuna anga.

"Dzina ndi lanu, alamu," anayankha a Lameki, "koma mbumba ndi yanga."

Kuyambira pamenepo nkhani inasiya kukhala ya mpira. A Jere akanabweza mawu, kukanakhala kuvomera pamaso pa madalaivala anzawo kuti alibe ulamuliro pa mwana wawo wobereka okha. A Lameki akanabweza mawu, kukanakhala kuuza mudzi wonse kuti umalume unatha ntchito. Alongo anga anakwera njinga osatsanzika. Amuna anga anayamba kugona ku Chipata kawirikawiri, akuti minibasi yachedwa kudzaza. Ine ndinatsala pakati, uku mwamuna, uku mlongo wanga wa bere limodzi, ndipo aliyense ankandiyang'ana ngati ndili kumbali ya mnzake.

Koma amene ankapsa kwenikweni anali mwana. Pamsewu anthu ankamuloza kuti ndi uja wadyera, wofuna kudya uku ndi uku. Iye sanadziteteze ngakhale kamodzi, chifukwa kudziteteza kukanakhala kuyalutsa bambo ake ndi amalume ake. Anasiya kuseka, anachepetsa kudya, m'kalasi anayamba kutsalira. Akaweruka ankabwera kudzakhala nane pamalonda, n'kumatembenuza zitumbuwa osalankhula. Tsiku lina tiana tinkasewera mpira wa mapepala pafupi nafe, mpirawo n'kugubuduka mpaka pamapazi pake. Tamara anauyang'ana, n'kuchotsa phazi kuti udutse. Abale anga, ndinalowa kuseri kwa shopu n'kukalira ngati pachitika maliro.

Ndinapita kwa a Mubita. Anandilandira mwaulemu, n'kundiuza kuti akamuseweretsa chigamulo chisanachotsedwe, timu yonse ichotsedwa mu ligi, ndipo ali ndi ana a eni ake ambiri amene nawonso akudikira osankha aja. Sananene choipa chilichonse cha a Sakala. Anangodandaula kuti bondo lija ankaliona, koma sankadziwa kuti mwanayo akusewera masiku awiri otsatizana sabata iliyonse. Ndinaona kuti akumva chisoni, koma manja awo anali omangika.

Kenako ndinatsikira ku Mnkhanya kwa a Sakala. Ndinawapeza akukonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Ndinafotokoza zonse, ndinachonderera, ndinagwada ndi kugwada komwe. Iwo ankangolembalemba pansi ndi kamtengo, osandiyang'ana. Nditamaliza anangoti, "Namva, amake Tamara." Basi. Ndinabwerako mtima ukuwira. Ndinkati bambo uyu ndi wouma mtima, akufuna chikho basi, mwana wanga afere momwemo. Ndipotu timu yawo inali itatsala pang'ono kufika kumapeto a mpikisano, ndipo aliyense ankadziwa kuti popanda Tamara chikhocho sachinunkha.

Apa ndinasowa mtengo wogwira. Lachinayi lililonse amayi a mpingo wathu ankandipempherera, ine n'kumasala kudya. Koma ndikuuzeni zoona, mapemphero anga oyamba anali olangiza Mulungu zochita. Ndinkati Ambuye fewetsani a Jere. Mawa lake ndinkati ayi, fewetsani a Lameki, ndiwo apafupi. Masabata ankapita, kutentha kukukula, mitambo yayamba kusonkhana kumapiri, ndipo palibe amene anafewa. Tsiku lina masana, ndili ndekha pamalonda, mawu anandithera. Ndinangoti, Ambuye, aliyense akuti mwanayu ndi wake, koma mwini wake weniweni ndinu, ndipo inu nokha ndi amene simunafunsidwe. Chitani naye zimene munamulengera. Sindinamve mawu ochokera kumwamba, koma mtima unakhala pansi koyamba m'miyezi imeneyo.

Patangopita masiku ochepa, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndinaona munthu akutsika panjinga patsogolo pa tebulo langa, fumbi mpaka m'nsidze. Anali a Sakala. Anapalasa kuchokera ku Mnkhanya pa kutentha kumene ngakhale mbuzi zimabisala.

"Mwaswera bwanji, amake Tamara? Aphunzitsi aja akhala kuti?"

Ndinkati lero kuli ndewu. Ndinawalozera njira ya kusukulu, iwo anamwa madzi kapu imodzi n'kupita. Sindinawatsatire, choncho zimene zinakambidwa kumeneko ndinazimva pambuyo pake kwa a Mubita eni ake. Akuti anthu awiriwa, amene anali asanapatsanepo moni chiyambire, anakhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka. A Sakala anati, "Aphunzitsi, mwana uja mutengeni. Zimene nidziwa ine namuphunzitsa, zatha. Manje afunika inu, ndipo osankha abwera kwanu, osati kwathu. Koma munalowera pawindo. Tiyeni nikakulowetseni pakhomo."

Kunena zoona, kukhala chete kwa a Sakala tsiku lija pansi pa mtengo wa mango sikunali kuuma mtima. Ankaganiza. Anaona chimene tonsefe sitinachione, kuti palibe chifukwa choti wina agonje. Anapita kwa a Jere pasiteshoni n'kuwauza kuti mawu awo ali pomwepo, palibe akuwagwedeza, chofunika n'chakuti aperekeze aphunzitsi kwa alamu awo ngati bambo a mwana. Anapita kwa a Lameki n'kuwauza kuti sakuwapempha kubweza mawu. Iwo a Sakala, amene analandira mwanayo, ndiwo akumubweza m'manja mwa amalume ake, kuti amalumewo amupereke okha kumene akufuna. Wogonja pa nkhani yonseyi anali mmodzi, ndipo anadzisankha yekha.

Lamulungu lotsatira titaweruka kutchalitchi tinakwera minibasi ya a Jere, ine, Tamara ndi a Mubita, kupita ku Mnkhanya. A Mubita anavala tayi, nkhuku ili m'manja monga anawalangizira a Sakala. Njira yonse inkangolira ndi nkhukuyo. Tinapeza a Lameki atakhala pampando pabwalo, akuluakulu angapo ali pambali, nkhope ili gwa. A Sakala anali atada nkhawa kuti mwina mphunzitsi sadziwa kudzichepetsa kwa kumudzi, ndipo anali atawabwerezera kangapo kuti asakhale pampando, asayambe kulankhula. Koma titafika, bambo wamtali uja anagwada pafumbi ndi thalauza lake lositidwa, n'kuomba m'manja mwaulemu umene ngakhale ife eni mudzi sitiufika. Akuluakulu anayang'anana. Pambuyo pake a Mubita anatiuza akuseka kuti kwawo mwana amaphunzira kuomba m'manja asanaphunzire kuyenda.

A Sakala ndiwo analankhula ngati nkhoswe. Anathokoza a Lameki powakhulupirira ndi mwana wawo zaka zonsezi, n'kunena kuti lero akumubweza ali wamoyo ndi miyendo yake iwiri, ndipo abwera ndi mlendo amene ali ndi pempho. A Mubita anapepesa kuti sankadziwa mwambo wa kuno, n'kupempha mwanayo. A Lameki anatembenukira kwa a Sakala.

"Mudziwa kuti komiti yanu ikudyani amoyo?"

"Nidziwa," anatero a Sakala.

Ndiyeno alongo anga anachita chinthu chimene tonsefe, ngakhale ine amake, tinali tisanachite. Anaitana Tamara n'kumufunsa kuti iye akufuna chiyani. Mwanayo anagwada, misozi ili mbwembwembwe.

"Nifuna kusewera bola, amalume. Koma sinifuna kukhumudwitsa akochi."

"Awe, iwe pita," anatero a Sakala ndi mawu awo osasa aja. "Sininakuphunzitse kuti ukalambire pamchenga."

A Lameki anatsokomola, n'kunena kuti bambo a mwana anavomera kale, ndipo iwo ngati amalume akuika mawu awo pamwamba pa mawu a alamu awo. A Jere, amene ndinkaopa kuti ayamba kudzitama, anavula kapusi n'kuthokoza alamu awo powalerera mwana. Ine ndinangoyamba nthungululu ndekhandekha, osadikira kuti wina anditsogolere. Nkhuku ija inaphedwa tsiku lomwelo, ndipo amuna awiri aja anadyera mbale imodzi.

Mawa lake a Sakala anakanena okha ku komiti yawo kuti amumasula mwanayo. Zimene a Lameki ananena zinachitikadi. A komitiyo anawatcha wogulitsa, wopereka katswiri kwa adani chikho chili pafupi, ndipo anawalanda timu imene anaiyamba ndi manja awo. Timuyo inapatsidwa kwa wina, ndipo pamasewera omaliza inagonja. Sindikuweruza a komitiyo, nawonso amakonda ana a kuchigwa ndipo atopa kuona aluso onse akukwera kumtunda. Koma zinandiwawa kwambiri.

Tamara anabwerera pabwalo kutatsala masabata ochepa kuti osankha aja abwere. Apa ndinaonanso dzanja la Mulungu, chifukwa miyezi imene ife tinkalira ija bondo lake linali likupuma. Anesi a kuchipatala chathu atamuona anati akanapitiriza kusewera mmene ankachitira muja, bondolo likanawonongekeratu. A Mubita sanamuthamangitse. Anamuyambitsa pang'onopang'ono ngati mwana wophunzira kuyenda, ngakhale nthawi inali yochepa, ndipo iye akapempha kuwonjezera ankamukaniza.

Tsiku la osankha lija ndinatseka malonda n'kupita ku Chipata, ulendo wanga woyamba kukaonera mpira wa ligi. A Jere ankayendetsa, a Lameki ali pampando wakutsogolo, akukangana za njira yachidule ngati sanayambanepo. Masewera atayamba ndinaona kuti mwana wanga akuchita mantha, mpira unkamupulumuka. Ndinatseka maso n'kumapemphera, mayi wina amene ndinakhala naye pafupi n'kundigwedeza kuti, amayi, mwalipira kuti mudzagone? Chigawo chachiwiri Tamara anadzuka. Sanagoletse, ndipo ine ndinkayesa kuti basi zalephereka. Koma akuti osankhawo sankayang'ana zigoli zokha. Anaona mmene ankapezera malo, mmene ankapatsira anzake ndi miyendo yonse iwiri, zinthu zimene makochi awiri aja anamuikamo aliyense mbali yake. Atayamba kuitana mayina a osankhidwa opita kukampu yophunzirira mpira, ndinamva dzina la mwana wanga. Ndinakhala pansi pomwepo pafumbi.

Tili pabwalo pomwepo, Tamara anandilanda foni n'kuimbira a Sakala, koma kulira kunamulepheretsa kulankhula, ndiye anandipatsira ine. Kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso la tiana. Anali kumchenga, ndi tiana tating'onoting'ono timene sitili mu ligi iliyonse, chifukwa ndi tokhato timene anatsala nato. Ndinawauza kuti mwana wasankhidwa. Kenako ndinamva akukuwa kuti, "Imani! Imani nonse! Gwirani bola, tiyambe tapemphera!"

Lero Tamara ali pasukulu yogonera komweko, akusewera ndipo akuphunzira. Za kutsogolo sindikuzidziwa, mwina adzafika patali, mwina ayi, koma khomo limene linatsekedwa linatseguka iye akadali ndi zaka zake. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mayi wosadziwa ngakhale chifukwa chimene woimbira amaimbira wezulo. Ndikuthokoza amayi a Lachinayi amene sanatope nane. Ndikuthokoza a Mubita, amene anagwada pafumbi chifukwa cha mwana wa eni, ndi amuna anga ndi alongo anga, amene mitu yawo ndi youma mofanana koma mitima yawo ndi yabwino.

Inu amene muli pakati pa anthu awiri amene mumawakonda, kapena mukuona mwana wanu akufota inu mulibe chochita, musataye mtima ndipo musasiye kupemphera. Musamulembere Mulungu njira ngati mmene ndinkachitira ine, chifukwa ine ndinkayang'ana kwa amuna anga ndi kwa alongo anga, pamene thandizo linali likupalasa njinga kuchokera kwa munthu amene ndinamukwiyira. Pirirani, ngakhale mitambo itasonkhana kale.

Ndipo mukamagwada, mundithandize kutchula dzina la a Sakala. Maligi aja mpaka lero samwerana madzi, ndipo iwo timu yawo sanabwezeredwe. Sabata yatha anadutsa pamalonda panga, ndinawapatsa zitumbuwa n'kuwafunsa ngati samadandaula ndi zonse zimene anataya chifukwa cha mwana wanga. Anatafuna kaye, n'kupukuta manja pathalauza.

"Timu anganilande, amake Tamara," anatero. "Koma mwana uja sangamubwezenso."

Mulungu akudalitseni nonse, ndipo awakumbukire bambo amenewa.